MAKINA A KUMWAMBA AMENE AONA NTHAKA IKUYENDA

Anthu a ku Karonga sadzaiwala mwezi wa Disembala wa chaka cha 2009. Kuyambira pa 6 kufikira pa 19 mwezi umenewo dziko linagwedezeka kawirikawiri, ndipo zivomezi zinai mwa izo zinali zazikulu ndithu. Anthu 4 anamwalira, ena ambiri anavulala, nyumba zikwi zingapo zinagwa kapena kung'aluka, ndipo mabanja anagona pabwalo m'nyengo ya mvula chifukwa cha kuopa kulowanso m'nyumba zao. Munthu ali yense anali kufunsa mnzake kuti, "Kodi pansi pathu pano pachitika chiani?" Yankho lina la funsoli linachokera kumene anthu sanali kuyembekeza, ndiko kumwamba, ku makina amene azungulira dziko lapansi usana ndi usiku. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani m'mene makinawa agwirira ntchito, zimene akhoza kutiuza, ndi zimene sakhoza.

Nthaka siikhala chete

Ife timayesa kuti nthaka ndi chinthu chokhazikika, pakuti pamene anamanga makolo athu ndi pomwe tirikumanga ifenso. Koma si tero ai. Dziko lathu la Malawi liri m'Chigwa Chachikulu chimene chichokera ku Nyanja Yofiira, nichipyola m'maiko a Ethiopia, Kenya ndi Tanzania kufikira kwathu kuno ndi ku Mozambique. M'chigwa chimenechi dziko la Afirika lirikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo Nyanja ya Malawi ndiwo madzi amene anadzaza m'phompho lake. Ndicho chifukwa chake nyanjayi iri yakuya chotere, pafupifupi mamita 700 kumpoto kwake.

Mbali ziwiri za chigwachi zitalikirana mamilimita owerengeka okha pa chaka. Chikhadabo cha chala chanu chikula msanga koposa pamenepo. Koma miyala ya pansi siiyenda mosalala. Igwirana zolimba zaka zambiri, mphamvu iri kuunjikana, kufikira tsiku lina ithyoka mwadzidzidzi monga ithyokera nkhuni youma imene munthu waipinda pa bondo. Kuthyoka kumeneko ndiko chivomezi, ndipo mzere umene miyala yathyokerapo ndiwo mng'alu wa pansi. Achikulire a ku Salima akumbukira chivomezi cha pa 10 Malichi 1989, chimene chinapha anthu 9 ndi kusiya zikwi zambiri opanda pogona.

Nthaka iyendanso pa zifukwa zina. Phiri likakhuta madzi a mvula mbali yake iyamba kutsetsereka. Anthu akapopa madzi ambiri a pansi, kapena akakumba migodi, pamwamba pake patitimira. Ndipo ku maiko kumene kuli mapiri a moto, phiri litupa pamene miyala yosungunuka irikukwera m'kati mwake.

Kale, munthu wofuna kudziwa ngati malo ena atsika anali kutuma anthu oyesa malo ndi zipangizo zao, nakhoma zikhomo, nabweranso patapita chaka kudzayesa kachiwiri. Ntchitoyo inali yabwino koma yochedwa, ndipo inali kuuza za malo okhawo pamene panali chikhomo. Nanga mapiri onse a Mulanje, Zomba ndi Nyika angakhomemo zikhomo ndani?

Mleme ndi setilaiti

Mwaonapo mleme ukuuluka mumdima wa bii osagunda mtengo kapena denga. Mleme sudalira maso. Ulira kamau kakang'ono kamene khutu la munthu silikamva, ndipo kamauko kakagunda chinthu kabwerera kwa iwo. Kakabwerera msanga mleme udziwa kuti chinthucho chiri pafupi, kakachedwa udziwa kuti chiri patali. Ana a sukulu amachita zomwezo akafuula pafupi ndi thanthwe, namva mau ao akuwabwerera.

Makina otchedwa rada agwira ntchito motero. Kusiyana kwake ndi kwakuti sagwiritsa mau koma mafunde a wailesi, abale ake a mafunde amene abweretsa nkhani ndi nyimbo m'wailesi ya m'nyumba mwanu. Mafundewa saoneka, ndipo apyola mitambo, nkhungu ndi utsi. Safuna dzuwa, chotero rada iona usiku monga ionera usana. Ichi ndi chinthu chachikulu kwa ife, pakuti ngozi zathu zambiri zidza m'dzinja, pamene thambo liri lophimbika masiku ambiri ndipo kamera wamba sangaone kanthu.

Tsono anthu anzeru anaika rada m'makina otchedwa setilaiti, amene aponyedwa kumwamba ndi roketi nakhala akuzungulira dziko monga uchitira mwezi. Amene atchuka kwambiri pa ntchito iyi ndi a banja la Sentinel-1, a bungwe la maiko a ku Ulaya la European Space Agency. Woyamba wa iwo anaponyedwa pa 3 Epulo 2014. Wachiwiri anatsatira mu 2016 koma anaonongeka kumapeto kwa 2021, ndipo wachitatu anakwera mu Disembala 2024. Ayenda pa mtunda wa makilomita 693 kuchokera pansi. Ganizani ulendo wa pa msewu wochokera ku Blantyre kukafika ku Mzuzu, koma mutauimiritsa chiriri. Ndege zonyamula anthu ziuluka pa makilomita 10 kapena 11 okha. Setilaiti mmodzi azungulira dziko lonse lapansi m'mphindi zosakwana 100, ndipo pa ulendo uli wonse ajambula chigawo cha nthaka chotambalala makilomita 250. Pakapita masiku 12 abwereranso pa njira yomwe ija, naonanso mudzi womwewo kuchokera pa malo omwewo.

Kubwereza kumeneku ndiko mutu wa nkhani yathu.

Kuyesa ndi bango

Pano tikupemphani kuti muwerenge mofatsa, pakuti ndipo pagona nzeru yonse.

Tiyese kuti mufuna kudziwa kutalika kwa munda wanu kuchokera pa mtengo wa mango kufika pa mwala wa m'malire, ndipo mulibe chingwe koma bango limodzi. Mugoneka bangolo pansi, mulinyamula, muligonekanso, kufikira mwafika pa mwala. Kawirikawiri bango lotsiriza silikwanira ndendende. Mwina mwala upezeka pakati pa bango. Mulemba chizindikiro pamenepo. Patapita masabata awiri mubweranso ndi bango lomwelo, kuyambira pa mtengo womwewo. Mukapeza kuti mwala wagweranso pa chizindikiro chija, ndiye kuti palibe chasintha. Koma mukapeza kuti tsopano wapitirira chizindikirocho ndi zala ziwiri, mudziwa kuti wina wasuntha mwala wa m'malire, ngakhale mwaiwala kuti mabango onse anali angati. Chotsalira cha kumapeto ndicho chaulula.

Mafunde a rada ali ngati bango lija. Funde liri lonse la Sentinel-1 litalika masentimita 5.6, pafupifupi ngati chala cha mkombaphala cha mwana wa sukulu. Funde lichoka kumwamba, ligunda denga, mwala kapena msewu, libwerera, ndipo setilaiti alemba zinthu ziwiri: mphamvu imene labwera nayo, ndi mbali ya funde imene lathera. Patapita masiku 12 achitanso chimodzimodzi. Pamenepo anthu a ntchitoyi aika zithunzi ziwirizo m'kompyuta, imene ifanizira chotsalira cha tsiku loyamba ndi cha tsiku lachiwiri pa kachigawo kali konse ka nthaka. Ngati nthaka yatsika, ulendo wa funde watalika. Ngati yakwera, ulendo wafupika.

Popeza funde liyenda ulendo wopita ndi wobwera, nthaka ikatalikira setilaiti ndi masentimita 2.8 okha, ulendo wonse utalika ndi funde lathunthu. Kompyuta ijambula kusinthaku ndi mitundu ya utawaleza. Pa mapu paoneka mizere yofiira, yachikasu, yobiriwira, yobwerezabwereza, yokhotakhota monga akalozera m'munda wa pa phiri. Utawaleza umodzi uli wonse utanthauza masentimita 2.8. Munthu akawerenga mautawaleza 10 kuchokera kumene nthaka siinasunthe, adziwa kuti pamenepo yasuntha masentimita 28. Pamene mizere yathithikana ndi pamene nthaka yapindika kwambiri, ndipo pamene yaduka mwadzidzidzi ndi pamene mng'alu watulukira kunja. Njira imeneyi aitcha InSAR m'Chingerezi.

Akasonkhanitsa zithunzi zambiri za zaka zingapo, nasankha zinthu zosasintha monga madenga a malata, milatho ndi matanthwe, akhoza kuona ngakhale kutsika kwa mamilimita owerengeka pa chaka. Ine wolemba ndinakaika pamene ndinamva izi koyamba, kuti makina okhala kutali chotero angazindikire kusuntha kochepa ngati njere ya mpunga. Koma anthu afanizira zimene rada yanena ndi zimene anayesa pansi ndi manja, ndipo zagwirizana m'maiko ambiri.

Chithunzi choyamba chimene chinadabwitsa dziko chinali cha chivomezi cha ku Landers, m'chipululu cha California ku America, chimene chinachitika mu Juni 1992. Mfalansa wina dzina lake Didier Massonnet ndi anzake anatenga zithunzi za setilaiti ERS-1, chimodzi cha chivomezi chisanachitike ndi china cha pambuyo pake, nafalitsa mapu ao mu 1993. Kwa nthawi yoyamba anthu anaona ndi maso m'mene chivomezi chipindira dziko.

Zimene anaona ku Karonga

Tibwerere kwathu. Kutsidya kwa nyanja, ku Tanzania, kuli mapiri a Livingstone, ndipo m'tsinde mwake mudutsa mng'alu waukulu umene akatswiri anaudziwa kale. Munthu akanayesa kuti zivomezi za 2009 zinachokera kumeneko. Ena akanaganizanso za moto wa pansi, pakuti mapiri a Rungwe ku Tanzania komweko, amene ndi mapiri a moto, sali kutali ndi Karonga.

Mai Juliet Biggs a ku Britain ndi anzao anatenga zithunzi za rada za masetilaiti a masiku amenewo, naziphatikiza ndi zimene analemba makina oyesa zivomezi. Mu 2010 anafalitsa zimene anapeza. Mng'alu umene unathyoka sunali wa Livingstone ai, koma wina wa tsidya lino, pafupifupi makilomita 50 kumadzulo kwake, pafupi ndi tauni ya Karonga yeniyeniyo. Unali wosaya, wosapitirira makilomita 6 kunka pansi, ndipo nthaka ya kumadzulo kwa mng'aluwo ndiyo inatsika. Sanapeze chizindikiro cha miyala yosungunuka. Kusaya kumeneku ndiko kunachititsa kuti nyumba zigwe chotere, ngakhale chivomezi chachikulu mwa zonsezo, cha pa 19 Disembala, chinali cha mlingo wa 6.0 chabe. Lero mng'aluwo autcha wa St Mary's.

Phindu lake nchiani kwa munthu wa kumudzi? Mng'alu umene wathyoka kamodzi ukhoza kuthyokanso, kaya m'masiku a ana athu kaya a zidzukulu. Ukalembedwa pa mapu, amene alamula za kumanga sukulu, chipatala kapena mlatho adziwa pamene ayenera kupewa ndi pamene ayenera kulimbitsa maziko. Tiphunziranso kuti m'chigwa chathu muli ming'alu yobisika pansi pa dothi ndi mchenga, imene munthu woyenda pansi sangaione. Kuno kwathu ntchito yosunga mapu a miyala ndi kuyesa zivomezi iri m'manja mwa Dipatimenti ya za Miyala, imene likulu lake liri ku Zomba.

Ku maiko ena

M'chigwa chathu chomwechi, ku dera la Afar ku Ethiopia, nthaka inang'ambika mu Sepitembala 2005. Kumeneko ndi kuchipululu kotentha kumene anthu oyesa malo safikako kawirikawiri, koma rada inaonetsa kuti miyala yosungunuka inalowa mu mng'alu wotalika makilomita 60, ndipo mbali ziwirizo zinatalikirana mpaka mamita 8 m'masabata owerengeka. Ku Congo, phiri la Nyiragongo linaphulika pa 22 Meyi 2021, ndipo masiku otsatira zithunzi za rada zinaonetsa kuti miyala yosungunuka irikuyenda pansi pa mzinda wa Goma kunka ku Nyanja ya Kivu. Pa 27 Meyi akuluakulu analamula anthu a m'zigawo zina za mzindawo kuti achoke. Ku Mexico City palibe moto, koma anthu apopa madzi a pansi ochuluka kotero kuti mbali zina za mzindawo zititimira masentimita oposa 30 pa chaka, ndipo mipope ndi misewu ithyoka.

Nkhani yomvetsa chisoni ndi ya mudzi wa Xinmo m'chigawo cha Sichuan ku China. M'mamawa wa pa 24 Juni 2017 mbali ya phiri inagumuka nikwirira mudziwo, ndipo anthu oposa 80 anafa kapena kusowa. Pambuyo pake akatswiri anatsegula zithunzi za Sentinel-1 zimene zinali zitasungidwa. Anapeza kuti pamwamba pa phirilo panali posuntha miyezi yambiri, ndipo m'masabata otsiriza kusunthako kunafulumira. Chenjezo linalipo, koma panalibe munthu amene anali kuliwerenga m'nthawi yake. Makina ajambula chabe. Pafunika munthu wophunzira amene apatsidwa ntchito ya kuyang'ana mapiri akutiakuti mwezi ndi mwezi, ndi njira yakuti mau ake afike kwa mfumu ya mudzi usiku usanade. Maiko ena ayamba kuchita zimenezi. Norway ali ndi mapu a dziko lake lonse oonetsa mapiri amene alikusuntha, ndipo munthu ali yense akhoza kuwaona pa intaneti.

Zimene rada siingathe

Tisakunamizeni. Rada siingathe kulosera tsiku la chivomezi, ndipo palibe makina kapena munthu pa dziko lonse amene angathe. Wina akadza m'mudzi mwanu nanena kuti setilaiti yaona kuti Lachisanu kudzakhala chivomezi, dziwani kuti ndi bodza. Chimene rada ichita ndi kuonetsa pamene mphamvu irikuunjikana pa zaka zambiri, ndi pamene nthaka yasuntha chivomezi chitachitika.

Ivutikanso ndi zomera. Bango lija liyenera kugunda chinthu chomwecho maulendo onse awiri. Koma munda wa chimanga wa mu Januwale usintha tsiku ndi tsiku, masamba a m'nkhalango agwedezeka ndi mphepo, ndipo munda wolimidwa dzulo si womwe uja wa sabata latha. Pa malo otere chithunzi chingokhala madonthomadontho opanda tanthauzo. Chinyezi cha mumlengalenga nacho chichedwetsa mafunde pang'ono, ndipo munthu wosachenjera akhoza kuyesa kuti nthaka yatsika pamene ndi mvula chabe inali kudza. Mafunde atali apyola masamba bwino koposa afupi. Nchifukwa chake ambiri akondwera ndi setilaiti watsopano wotchedwa NISAR, wa maiko a America ndi India, amene anaponyedwa pa 30 Julayi 2025 ndipo ali ndi mafunde otalika masentimita 24. Kwa maiko a mitengo ndi minda ngati lathu ameneyu ayenera kuthandiza.

Nanga napolo? Apa ndipo tiyenera kunena zoona zokhazokha. Zimene zinachitika ku Zomba mu Disembala 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso ku Soche, Chilobwe, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinali za msangamsanga. Mvula yamphamvu inagwa masiku angapo, dothi la pa phiri linakhuta, ndipo matope, miyala ndi mitengo zinatsika m'mphindi zochepa. Setilaiti wobwera kamodzi pa masiku 6 kapena 12 sangachenjeze za chinthu chotero. Ntchito yake idza patsogolo ndi pambuyo. Patsogolo, athandiza kuzindikira mapiri amene ayamba kale kukwawa pang'onopang'ono. Pambuyo, aonetsa pamene pagumuka ndi pamene madzi asefukira, ngakhale mitambo ikali yophimba, pakuti madzi odekha aoneka akuda pa chithunzi cha rada. Umu ndi m'mene opulumutsa anthu anaonera kukula kwa chigumula cha pafupi ndi Beira ku Mozambique pa namondwe wa Idai mu Malichi 2019, misewu iri yoduka.

Ena afunsa ngati makinawa alikuzonda anthu m'nyumba zao, kapena ngati mafunde ake apweteka. Kadontho kamodzi ka chithunzi cha Sentinel-1 kaphimba malo aakulu koposa nyumba wamba ya kumudzi, chotero nkhope ya munthu siioneka, ngakhale mbuzi. Ndipo mafundewo pofika pansi akhala atafooka kwambiri, osafika mphamvu ya foni imene muika pa khutu.

Mau kwa aphunzitsi ndi mafumu

Zithunzi za Sentinel-1 ndi zaulere. Mmalawi ali yense amene ali ndi kompyuta ndi intaneti akhoza kuzitenga. Chosowa ndi anthu odziwa kuziwerenga, ndipo anthuwo ndi ana amene alikukhala m'makalasi mwanu lero. Mwana wokonda masamu ndi mapu musamgwetse mphwayi. Tulukani nao pabwalo ndi bango, muyese kuchokera pa mtengo kufika pa mwala, wina asunthe mwalawo mobisa, ndipo anzake apeze kuti wasuntha motani poona chotsalira chokha. Akamvetsa zimenezo amvetsa mtima wa nkhani yonse.

Inu okhala m'tsinde mwa mapiri, muli ndi maso amene setilaiti alibe, pakuti inu muona phiri lanu tsiku ndi tsiku. Yang'anirani mng'alu watsopano pamwamba pa munda kapena pa njira, mitengo ndi mapolo amene ayamba kupendekeka, chitseko chimene chinali kutsekeka bwino koma tsopano chikana, kasupe wotumphuka pamene panali pouma, ndi mtsinje umene wada ndi matope mwadzidzidzi kapena waphwa mvula iri kugwa. Mukaona mng'alu, khomani zikhomo ziwiri, china mbali ino china mbali inayo, muyese mpata wake ndi chingwe sabata liri lonse ndi kulemba tsiku lake m'kope. Mpatawo ukayamba kukula, ndipo makamaka ukakula msanga koposa sabata lapita, uzani a mfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuti iwo atumize mau ku ofesi ya bwanamkubwa. Ngati mvula yamphamvu yagwa masiku awiri kapena atatu osaleka ndipo a zanyengo achenjeza pa wailesi, musadikire yankho la ku boma. Tengani ana ndi okalamba kukali kowala, mukagone kwa abale kapena ku sukulu imene iri kutali ndi phiri ndi khwawa, ndipo kope lija mupite nalo.